Nkhata Yosalankhula

Mu mzinda wonse wa Daegu munalibe womanga nkhata za maliro ngati Pyo Man-sik. Anayamba ndi njinga yakapalasa ndi ndowa ziwiri za maluwa, koma tsopano anali ndi magalimoto anayi, ndipo minda ya maluwa ya ku Holland ndi ku Kenya anaipondamo ndi mapazi ake. Tsamba la pa intaneti la sitolo yake ankalinyadira ngati mwana wachisamba. M'mawa uliwonse ankalitsegula pa chikompyuta cha mu ofesi, n'kumalisirira akumwa khofi.

Chaka chimenecho anthu ambiri ankaitanitsa nkhata osalemba dzina la wotumiza. Pa maliboni awiri a nkhatayo, ina mawu achipepeso alipo, inzake ya dzina ili mbee! Man-sik ankati anthu ayamba kudzichepetsa, n'kumawayamikira.

Tsiku lina masana kunalowa Ok Dal-su, mnzake wa ku usilikali, atavala suti yakuda.

"Achimwene, mwandipha," anatero Dal-su.

"Wakufa amayenda chonchi? Khala pansi iwe, tiitanitse msuzi wa ng'ombe."

"Amwalira amayi awo a abwana anga. Nkhata zangoti ndandanda pakhonde la nyumba ya maliro, iliyonse ndi dzina lake. Abwana ayenda n'kumawerenga imodziimodzi. Yanga, yogula kwa inu, ili pomwepo, yaitali kuposa zonse, koma siyikulankhula. Andiyang'ana ngati za malirowo sindinazimve n'komwe."

"Nanga dzina sunalembe bwanji?"

"Ndilembe pati?"

Man-sik anatembenuza kompyuta. "Apa! Chibokosi chonsechi, maso ako anapita kumsika?"

"Achimwene, uthenga wa maliro unandipeza dzulo m'sitima yapansi panthaka, dzanja lina nditagwira chitsulo. Mumafuna ndibereke chikompyuta chanucho kumsana?" Anamuponyera foni patebulo. "Taitanitsani nokha tione."

Man-sik anavala magalasi. Zilembo zinali ngati nyerere. Bokosi la mawu achipepeso linkaoneka, pansi pake batani lolipirira. Bokosi la dzina linagwera kunja kwa galasi la foniyo, kumanja, kumene chala cha munthu wothamangira maliro sichingaganize zopitako.

Man-sik anayamba kulingalira. Ndani amamva za imfa atakhala bwinobwino pa desiki? Munthu amamva ali m'basi, ali pamzere wa chakudya, ali pakhomo la chipatala. Anakumbukira maliboni onse oyera aja. Eni ake sanali odzichepetsa ayi. Anthuwo anachita manyazi pamaso pa anamfedwa, osabwera kudzadandaula, ndipo ulendo wina anakagula kwina.

"Maliro aika liti?" anafunsa Man-sik.

"Mawa m'mawa."

Man-sik anaimbira mayi amene anamupangira tsambalo. "Mayi, mundikonzerenso, koma muyambire pa foni. Yaing'ono kwambiri, yogwira ndi dzanja limodzi." Kenako anasindikiza riboni ya dzina la Dal-su, navala jekete yakuda, nayendetsa yekha galimoto.

Pa nyumba ya maliro anamangirira riboniyo ndi manja ake. Anavula nsapato, nagwada kawiri pamaso pa chithunzi cha malemu, kenako anaweramira mwana wawo, abwana aja.

"Bwana, nkhata yaitali ija ndi ya Ok Dal-su. Inafika dzulo, isanafike ina iliyonse. Dzina ndinalisowetsa ndine, mwini sitolo."

Abwanawo anatuluka pakhonde, nawerenga riboniyo pang'onopang'ono. Dal-su anali ataima patali, pafupi ndi khomo.

"Dal-su," anamuitana ndi mawu osasa, "waimiranji kumeneko ngati mlendo? Lowa udye, ndipo mawa udzatithandize kunyamula amayi."