Hadi Disiki ya Malemu a Mikaele

A Bibiana anaika laputopu patebulo, koma dzanja sanachotsepo.

"Alamu, taisiyani ndiione," anatero Davie.

"Muionere pomwepo. Maso muli nawo."

Davie, mng'ono wa malemu amuna awo a Mikaele, ndiye yekha ankakonza makompyuta pa Mbulumbuzi. Akanakhalapo wina, olo kuseri kwa phiri, a Bibiana sakanaponda pashopu imeneyi. Maliro atangotha, abale ake a Davie ananyamula njinga, wailesi, mpaka jekete. Laputopu inapulumuka chifukwa inagona masabata atatu m'thumba la nandolo.

M'menemo munali nyimbo zonse zimene a Mikaele anapekera kwaya ya ku mishoni, ndi mawu awo akuphunzitsa. Koma hadi disiki, nkhokwe ya zonsezo, inali itadzaza, makina akungoti wefuwefu.

"Kukopera nyimbo zokha sikuthandiza," Davie anafotokoza. "Pulogalamu imene ankajambulira achimwene sipezekanso, mapasiwedi anapita nawo. Tisamutsa zonse momwe zililimu, Windows yomwe, zipite pa disiki yaikuluyi."

"Kusamutsa katundu ndiye kwanu mumakutha."

Davie analumikiza waya.

Maola awiri athunthu kamzere kobiriwira kankakwawa pa sikirini, a Bibiana akukayang'anitsitsa ngati kathawa ndi kanthu. Katafika kumapeto, Davie anamasula tizitsulo, analowetsa disiki yatsopano, yakale ija n'kuikulunga mujumbo.

"Imeneyo ikupita kuti?"

"Tiisunge kaye."

"Aisunge ndani? Inu?" A Bibiana anadzambatuka, mpando uko. "Njinga munasunga! Jekete mukusunga, ndinaliona Lamulungu lili pamsana pa malume anu! Lero mukufuna musungenso mawu ake? Fufutani! Pompano, ine ndikuona!"

"Sindifufuta."

Azimayi ogulitsa tomato panja anasiya makasitomala n'kudzaunjikana pawindo. A Bibiana anawerama, anatola mwala wotsekereza chitseko. Ngati Davie sangafufute, disikiyo aiphwanya okha, bola asaigwire abale ake aja.

Davie anagwetsa dzanja pamwamba pa jumbo ija.

"Yambani ndi zalazi, alamu. Yatsopanoyi sitinaiyatse n'komwe."

"Ndiye iyatseni msanga!"

Anadina batani ndi dzanja linalo. Makina analira pang'ono. Sikirini inada bii, pakona pakuoneka timawu toyera.

"Akuti chiyani pamenepo?"

"Akuti sakuona poyambira." Davie anakanda m'mutu. "Pali kachigawo kakang'ono kamene kamadzutsa makina. Ndakasiya. Ndalakwitsa ndine."

"Ndiye nyimbo zija?"

"Zilipo, koma kakuzitsegula kali muno." Anagogoda jumbo ija ndi chala.

Mwala uja unayamba kulemera. A Bibiana anauyang'ana, anayang'ana jumbo, kenako anatembenukira pawindo.

"Inu mukuonera chiyani? Tomato wanu akudyedwa ndi mbuzi uko!"

Davie anayambiranso kusamutsa kuchokera pa disiki yakale ija, panatha maola ena awiri. Ulendo uno makina anadzuka. Pa sikirini panabwera chithunzi cha masiku onse, a Mikaele atavala jekete lomwe lija, tizithunzi tonse ta mapulogalamu tili m'malo mwake. Davie anatsegula nyimbo imodzi.

"Azimayi a alto, mwadya chiyani lero?" mawu a Mikaele anatuluka m'kasipika, ali gwaa. "Tiyambirenso!"

Davie anatembenukira kukhoma, akuti akufuna sikuludiraiva. Inali m'manja mwake.

A Bibiana anabwezera mwala pachitseko. Anakulunga laputopu m'chitenje, anatola jumbo ija n'kufika nayo pakhomo. Anaima. Kenako anabwerera n'kuikankhira patebulo, osamuyang'ana.

"Mukawaikire apongozi amveko mwana wawo," anatero. "Koma jekete lija ndikulifuna Loweruka. Lochapa."