Zimene Tsamba Lachisanu Silinanene

Exildah anayang'ana nambala ija pa kompyuta kachitatu, koma sinasinthe. Mauthenga otumizidwa lero: 14. Masiku onse, ikamakwana 11 koloko amakhala atadutsa 300.



Kakampani ka ba Besa ku Longacres kanali ndi pulogalamu ya AI imene onse ankaitcha Kalaliki. Ntchito yake inali kukumbutsa odwala shuga a kiliniki ina ya ku Woodlands tsiku lokatenga mankhwala, ndi kuyankha mafunso awo pafoni. Uthenga uliwonse unkadya ndalama, choncho Jordan, mwana wa mlongo wawo wa ba Besa, anapanga chida choikira Kalaliki malire: bajeti ikatha, aime. Analembanso kabuku ka malangizo. Ba Besa ankafuna kugulitsa chidacho, ndipo anapatsa Exildah sabata imodzi kuti aone ngati mlendo angamve zolembedwazo, kenako asayine.

Exildah analibe digiri. Anaphunzira yekha pafoni yosweka galasi, akugwira ntchito m'kashopu kokonza mafoni ku Kabwata. Njira yake yoyesera malangizo inali imodzi: kudzisandutsa mbuli, kuchita zokhazo zimene zalembedwa. Tsamba lachisanu linati, "Poyesa chidachi, ikani bajeti yaing'ono ndi kusunga." M'mawa umenewo anaikadi bajeti yaing'ono, n'kusunga. Tsambalo silinanene kuti malo oyeserera kulibe, kuti ukakhudza wakhudza Kalaliki weniweni. Silinanenenso kuti Kalaliki akaima amangoti zii, osauza munthu.

Kalaliki anali ataima maola atatu athunthu.

Anabwezera bajeti yakale. Nambala inayamba kukwera. Koma mafunso amene anafika Kalaliki ali chiimire anangotsala pomwepo, osayankhidwa. Limodzi linali la mayi Lukonde a ku Chelstone, lolembedwa itangodutsa 8 koloko: "Shuga yakwela, maso siyaona bwino. Nibwele lelo olo pa Mande?"

Anayang'ana uku ndi uku. Palibe amene anaona kanthu. Fomu yosayina inali pambali pa dzanja lake, ndipo kontirakiti yake inali kutha mwezi womwewo. Akanatha kungokhala chete. Umboni wokhawo wakuti kabukuko n'koopsa unali kulakwa kwa iye mwini, ndipo ankadziwa kuti pakati pa mwana wa mlongo wa abwana ndi mtsikana wopanda pepala la sukulu, woyamba kutuluka pakhomo ndi ndani.

"Bwanji, ba profesa ba ku Kabwata?" anatero Jordan akudutsa ndi kapu ya tiyi. "Simunasilize? Ni mapeji twelufu chabe, si Baibulo."

Masiku ena akanamuyankha mpaka tiyiyo kuzizira. Lero anangowerenganso funso la mayi uja. Anaona m'maganizo mwake munthu atakhala pakhonde, foni ili pamiyendo, akuisuzumira ndi maso amene sakuona bwino.

Anaimirira n'kukagogoda pa ofesi ya ba Besa.

"Ba Besa, nalakwisa. Kalaliki anaima kuchoka m'mawa. Ndine ninamuimika."

Ba Besa anavula magalasi pang'onopang'ono. Jordan anali atafika kale pakhomo.

"Mwaona, ba ankolo? Aliyense wamene anapita ku sukulu aziba kuti siungayesele pa vinthu veniveni."

"Nionese pamene unalemba," anatero Exildah. Anaponya kabuku patebulo. "Peji faifi. Nionese. Wamene azagula ichi chinthu sazankala na iwe pambali kuti umuuze vili mu mutu mwako. Azachita vamene nachita ine."

Ba Besa anawerenga tsambalo. Anatembenuza, nawerenga lotsatira, n'kubwereranso. Panja kondakitala wa minibasi ankaitanira anthu opita m'tauni.

"Alipo wamene sanayankhidwe?" anafunsa ba Besa.

"Bali seveni. Umozi ni wodwala maningi."

Ba Besa anamukankhira foni ya pa ofesi. "Tuma foni. Va nchito yako tizakamba ukasiliza."

Foni inaitana kamodzi, kawiri, kasanu. Exildah anatseka maso. Kachisanu ndi chiwiri kunamveka phokoso la injini, kenako mawu otopa a mayi Lukonde.

"Nili mu basi, mwana wanga, nafika pafupi. Ninalema kuyembekeza."

Anawauza kuti akafika asaime pamzere, ndipo anaimbira kukiliniki kuti awalandire pageti. Kenako anaimbira asanu ndi mmodzi otsalawo, mmodzimmodzi, akupepesa m'dzina lake.

Ataika foni pansi, Jordan anali atachoka. Fomu yosayina ija ba Besa anali ataibweza m'dirowa. Pamalo pake panali kabuku kaja, kotsegulidwa pa tsamba lachisanu, ndi cholembera chofiira.

"Yambila apo kukonza," anatero ba Besa, osadzutsa mutu.

Exildah anatenga cholemberacho. Mzere woyamba umene anadula unali uja wonena za bajeti yaing'ono.