Malo a Pilira M'galaja ya Annah

Dyna anafika pageti la Annah ku Atteridgeville Loweruka masana, mwana kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Abwana ake aakazi ku Menlo Park anali atanena kuti kuyambira Lolemba asadzabwerenso ndi mwana kuntchito. Pilira, wazaka zitatu, ankafunika pomusiya.

Annah anabadwira ku Zimbabwe, makolo ake a ku Dedza, ndipo galaja yake anaisandutsa kireshi, malo osungirako ana masana. Annahyo anamutsitsa Pilira kumsana kwa Dyna n'kunjuta patsogolo pake.

"Dzina lako ndani, mama?"

Mwana anangoyang'ana pansi.

"Ndi wamanyazi," anatero Dyna, maso ali kumsewu. "Malo alipo kapena palibe? Ndikufuna ndikafike kumsika wa ku Marabastad asanatseke."

"Amalankhula?"

"Savuta ameneyu. Mukamukhazika pakona, tsiku lonse ali phee. Abwana amachita kuiwala kuti m'nyumba muli mwana."

"Ndafunsa ngati amalankhula, amake Pilira."

Dyna anakanda pakhosi. Kulankhula Pilira sankalankhula. Kukhitchini kwa abwana Dyna ankamuloza chala akangoti atsegule pakamwa, poti abwanawo ankagwirira ntchito pafoni m'chipinda choyandikana. M'taxi ankamutsina pantchafu, kuopa kuti liwu la Chichewa lingawaulule kuti ndi obwera. Kunyumba anapangana ndi Chancy, bambo a mwanayo, kuti azilankhula naye Chingerezi chokha, akule ngati mwana wa ku Joni konkuno. Koma Chingerezi cha Dyna chinali chapantchito: come, sit, eat, don't touch. Mawu amenewo akatha, naye ankatha. Zonsezi anazifotokoza mothamanga, ngati akulavula nthanga.

Annah anaomba m'manja kumbuyo kwa mwanayo. Pilira anacheuka.

"Kumva akumva, komabe mupite naye kukiliniki akamuone. Eish, mwana mwamutseka pakamwa mbali zonse, ndiye mawu akawatola kuti?"

"Si ntchito yanu imeneyo? Mumuphunzitse. Ine sukulu ndinalekezera panjira."

"Ana ndili nawo ambiri, pakamwa ndili napo pamodzi. Ngati kwanu kukhalebe zii, sindimutenga."

Dyna anaganiza za Lolemba, za geti la abwana lotsegulidwa ndi batani, lomwe silikanamutsegukira atabereka mwana.

"Mukufuna chiyani? Nenani msanga."

"Muzilankhula naye Chichewa. Pomusambitsa, pophika, panjira. Chilichonse mwachiona, chitchuleni."

"Panjira ayi. Inu muli ndi Chipedi, chilankhulo cha kuno, chobisalamo, ine ndilibe. M'nyumba mokha."

"M'nyumba mumafika iye akusinza."

"M'nyumba ndi pabwalo. M'taxi ndakana."

"M'taximo mungosiya kumutsina."

"Chabwino. Koma azikhala pano mpaka sikisi, abwana sandimasula msanga."

Annah anaseka. "Mwabwera kudzapempha malo kapena kudzanenerera tomato? Sikisi ndavomera. Tsono yambani pompano, ndione."

Dyna anagwada pasimenti. Anali mayi woti ogulitsa ku Marabastad ankamudziwa ndi pakamwa pake, koma pamaso pa mwana wake lilime linauma. Munthu umanena chiyani kwa kamwana kosayankha? Anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera paphazi.

"Iyi ndi nsapato," anatero mwaukali, ngati akukalipa. Anatsitsa mawu. "Nsapato yako. Yang'ambika kale, waona? Bambo ako sadziwa kusankha. Ichi ndi chala, chasuzumira panja."

Pilira anangoyang'anitsitsa milomo ya mayi ake, kenaka anatambasula dzanja n'kuigwira.

"Lolemba m'mawa," anatero Annah. "Mubweretse zovala zosinthira."

Dyna anamubereka mwanayo, n'kumanga nsalu mfundo yolimba. Kunja anatchula geti, anatchula galu woonda wa pa kagolosale ka spaza, anatukwana fumbi. Pofika pakona, pomwe panaima azibambo osawadziwa, mawu anawatsitsa mpaka kunong'ona, khosi atalipotolera kumbuyo, akuuza Pilira kuti awo ndi mawaya a magetsi ndipo pamwamba pake pali nkhunda ziwiri.