Manda a Jessie Petrie

Bambo anamwalira Lamlungu, ndipo Lachitatu tinali tisanadziwebe kowaika. Zaka zonse ankanena chimodzi: "Mudzandiike pamodzi ndi agogo Jessie, pafupi ndi mpanda." Koma chikalata cha manda amenewo chinali m'dzina la Jessie Petrie, pomwe ife ndife a Lorimer. A ku ofesi ya manda anati tibweretse umboni wa ubale tsiku lomwelo isanakwane folo koloko, apo ayi Lachisanu akumba ku manda atsopano, kunja kwa Dundee.

Mchimwene wanga Davie, amene anatha zaka ziwiri akufufuza za makolo athu, ndiye anaipitsa zinthu. Kalata yobadwira imene anapereka inkasonyeza kuti agogo athu aamuna, Andrew Lorimer, mayi wawo anali Mary Boyd.

Tinakhala pa kompyuta ya mu laibulale nthawi itapitirira thu koloko.

"Elspeth, tikutaya nthawi," anatero Davie. "Jessie anali mayi chabe woyandikana nawo nyumba. Okalamba aja aliyense wowapatsa supu ankamutcha agogo."

"Inu achimwene, bambo angalakwitse munthu amene anawalera?"

"Bambo ankalakwitsa ngakhale tsiku lotaya zinyalala."

Sindinaseke. Ndinatsegula kalembera wa 1911, ndipo panatuluka a Andrew Lorimer atatu, onse a zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi. Kwathu mwana wamwamuna woyamba ankatenga dzina la agogo ake akuchimuna, choncho anyamata atatu a bere limodzi akakwatira, Andrew ankabadwa katatu.

"Munasankha bwanji wanu uja?" ndinafunsa.

"Ameneyu bambo ake anali kapitawo," anayankha motsitsa mawu. "Ankaoneka ngati wathu."

"Kapitawo! Ife?"

Wachiwiri mayi ake anali Agnes. Wachitatu tsamba lake linkachedwa kutseguka. Wotchi inali itadutsa fili koloko. Ndinakumbukira amayi akufotokoza kuti m'mafakitale oluka ziguduli a ku Dundee mkazi ankaitanidwa dzina la kwawo mpaka kufa, makamaka mwamuna akamwalira.

Tsamba linatseguka. Nyumba ya chipinda chimodzi, anthu anayi. Mwini nyumba: Jessie Petrie, wamasiye, wopota ulusi, zaka 36. Pansi pake Andrew Lorimer. Inki inali yofufuma pamalo olemba ubale.

"Alemba kuti wochita lendi chabe," anatero Davie. "Ndinakuuza."

"Chotsani chala."

Ndinakulitsa chithunzicho mpaka zilembo zinanenepa. Wochita lendi anali wa mzere wam'munsi, mtsikana wa ku Ireland. Pa Andrew analemba kuti mwana wake.

Kuchokera pamenepo kalata yeniyeni yobadwira tinaipeza msanga. Davie anathamangira ku ofesi ya manda ndi mapepala ali otentha kuchokera m'makina osindikizira, jekete atasiya pampando. Ine ndinaimba foni ku ofesi, n'kupempha mayi wa kumeneko kuti asatseke, munthu ali m'njira. Anati adikira mphindi khumi basi.

Davie atabwerera anali wefuwefu. "Akumba pafupi ndi mpanda," anatero, n'kukhala pansi. Kenaka anayang'ana kumbali. "Chithunzi cha mzere wa makolo chija ndinawapatsa bambo pa Khirisimasi, chili pakhoma. Onse aja si athu."

"Bambo sanachiyang'anepo kawiri," ndinatero. "Valani jekete, tikauze amayi."