Jekete ya Malemu

Mwana wanga tinkamutcha Chigayo chifukwa cha kaseke kake. Ankayamba ndi kutsamwa pang'ono, kenako phokoso lake linkadzaza shopu yonse mpaka makasitomala ankasuzumira kuseri kwa katani kuti aone chimene chagwa. Anali wamtali, wa mapewa a malemu bambo ake, ndipo nsalu yokwanira ana awiri a eni ake inkathera pa iye yekha. Ine ndine telala, ndiye ndinkadandaula mokweza, koma mumtima ndinkanyada.

Atasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira za matenda a ziweto, ndinasangalala tsiku limodzi, lotsatiralo ndinayamba kusowa tulo. Makina osokera salipira fizi ya yunivesite, ngakhale uwapalase mpaka miyendo kutupa. Ndiye kunatulukira bungwe lina. Linkalipirira atsikana zonse, fizi, malo ogona, mabuku, ndipo pa tchuthi linkawatenga kukawaphunzitsa utsogoleri. Analiyambitsa mayi wina wachuma amene aliyense ankangowatchula kuti Adona, pokumbukira mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene anamwalira pa ngozi ya galimoto atatsala pang'ono kumaliza maphunziro a zamalamulo. Tsiku limene Chigayo anauzidwa kuti amutenga, ndinagwada pakati pa tizidutswa ta nsalu n'kuwapempherera Adonawo ndisanawaone n'komwe. Pemphero limenelo sindinalibweze mpaka lero.

Poyamba zonse zinali bwino. Ankabwera ndi nkhani za ng'ombe zotupa mimba ndi mawu atsopano a ku bungwe: masomphenya, zolinga, kudzikhulupirira. Ine ndinkati, "Bwana mtsogoleri, tatolani mapiniwo pansipo, utsogoleri umayambira pamenepo." Iye ankaseka mpaka galasi la pakhoma kunjenjemera.

Kenako anamusankha kukhala mtsogoleri wa atsikana onse a bungwelo. Ulemu umenewu unali ndi zake. Wosankhidwayo ankakakhala kunyumba kwa Adona pa tchuthi, ndipo pa msonkhano waukulu wa pachaka ankalankhula atavala jekete ya malemu mwana wawo uja.

Jeketeyo anabwera nayo dalaivala wa Adona masana ena, itakutidwa m'pepala lapulasitiki. "Adona amva kuti ndinu telala," anatero. "Akuti muikonze nokha kuti imukwane mwana wanu."

Inali yabuluu, ya nsalu yolemera, mabatani ake achikasu. Inkanunkhira mafuta odzola amene sindinkawadziwa. Ndinaitembenuza n'kusomola nsalu yam'kati. Msoko uliwonse unali ndi timabowo ta singano mizeremizere, ulusi wamitundu yosiyana, manja a matelala osiyana. Atsikana onse amene anaivalapo anali mmenemo. Aliyense anaichepetsa pang'ono, ndipo telala aliyense anadula nsalu yotsalayo n'kutaya. Yoti n'kuikulitsira panalibe, ngakhale kachidutswa kokwana chala. Miyezo ya Chigayo ndinkaidziwa pamtima, ndipo jeketeyo sikanadutsa ngakhale m'mapewa mwake.

Ndinavala diresi langa labwino n'kupita nayo ndekha kwa Adona. Wantchito anandidutsitsa m'khonde lalitali lam'kati, ndipo pakhoma pake panali zithunzi. Choyamba chinali cha malemuyo: kamtsikana kochepa thupi, tsitsi lalifupi, mutu utapendekera kumanzere, kakumwetulira osaonetsa mano. Zotsatirazo zinali za atsogoleri a zaka zapitazo. Ena akuda, ena oyera, a mphuno zosiyana, ana a amayi osiyana. Koma onse anali m'jekete yomweyo, tsitsi lalifupi, mutu kumanzere, milomo yotseka. Kumapeto kwake kunali msomali wopanda chithunzi.

Ndikanakonda Adona akanakhala munthu woipa, bwenzi nkhaniyi ili yosavuta. Anali mayi wofatsa, wa maso otopa, ndipo anandigwira manja onse awiri ngati mbale wawo.

"Mayi, jeketeyi siingatheke," ndinatero. "Nsalu inatha. Ndiloleni ndisoke ina yofanana nayo ndendende, simudzasiyanitsa. Sindikulipiritsani."

"Yatsopanoyo sanaivalepo iyeyo," anayankha motsitsa mawu, akusisita kolala. "Musadandaule, mayi. Onse amayamba choncho. Pamapeto pake imawakwana."

"Kwathu kuntchito chovala ndi chimene chimatsata thupi."

"Mwana wanu ndi dalitso m'nyumba muno. Paja amati mwana wa mnzako ndi wako yemwe." Anamwetulira, misozi ili m'maso. "Akamatsika masitepewo m'mawa, ndimaiwala kuti ndinapitako kumanda."

Jeketeyo ndinaisiya m'manja mwawo. Munthu amene anaika m'manda mwana wake umamuuza chiyani, iwe wako ali moyo, ndiponso akudya za iyeyo?

Chitseko chinatseguka, n'kulowa mtsikana atanyamula thireyi ya tiyi. Ndinamuyang'ana kaye ngati mlendo. Tsitsi lija ndinkaliluka ndekha Lamlungu lililonse linali litametedwa. Masaya anali atalowa.

"Amayi, tiyi," anatero.

"Zikomo mwanangu," tinayankha tonse awiri pamodzi.

Adona anaseka, ndipo Chigayo nayenso anaseka. Anaphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa n'kugwedezeka pang'ono, popanda mawu aliwonse. Tiyiyo sindinamumwe.

Potuluka anandiperekeza mpaka pageti. Pamenepo mkwiyo unandigwira.

"Iwe, akukumana chakudya muno?"

"Ayi amayi, chakudya n'chambiri. Ndikungodziletsa ndekha."

"Chifukwa cha chisanza cha munthu wakufa? Tiye kunyumba lero lomwe."

"Ndiye mundilipirire ndinu?" Anaona nkhope yanga n'kugwetsa maso. "Pepani. Koma amayi, palibe amene akundikakamiza. Mayi aja alibe wina. Ndikakhala mmene ankakhalira mwana wawo, amadya, amagona. Ndikaiwala n'kuseka mokweza, amadzidzimuka ngati ndawamenya mbama, tsiku lonse osatuluka kuchipinda. Atichitira zonsezi, ine ndilephere kakang'ono kameneka? Ndi chaka chimodzi chokha."

"Nanga ng'ombe zako zija?"

"Ndasintha. Ndikuphunzira zamalamulo tsopano. Akuti mtsogoleri amafunika kudziwa malamulo."

Ndinakwera minibasi ndikulira, kondakitala mpaka anachita manyazi kundifunsa ndalama. Ndinali ndi mantha, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire.

Tsiku la msonkhano anandikhazika pampando wakutsogolo, pafupi ndi Adona. Holo inadzaza ndi aphunzitsi a ku yunivesite, akuluakulu a makampani ndi makolo onga ine, tonse titavala zobwereka ulemu. Anayamba ndi kuonetsa kanema wakale wa malemuyo akulankhula pa mpikisano wina wa ophunzira. Ankati akanena mfundo, ankagwira batani lapakati la jekete n'kupendeketsa mutu. Kanemayo atatha, magetsi anayaka, ndipo mwana wanga anakwera pansanja.

Jekete inamukwana. Mabatani onse anatsekeka, popanda pokoka, popanda khwinya, ndipo ine sindinaikulitse ngakhale pang'ono. Analankhula bwino kwambiri, za atsikana amene adzatsogolere mawa, za kusaopa kukhala chimene uli. Atanena zimenezo anagwira batani lapakati n'kupendeketsa mutu. Anthu anaimirira kuwomba m'manja. Adona anandifinya dzanja mpaka kupweteka, akunong'ona dzina limene silinali la mwana wanga. Ine ndinkangoyang'ana mafupa a m'khosi mwake.

Chaka chija chinatha, ndipo anasankha mtsogoleri wina. Dalaivala yemwe uja anabweranso ndi pepala lapulasitiki, akuti watsopanoyo ndi wochepa thupi, ndiichepetseko pang'ono m'chiuno. Ndinamuuza kuti apite nayo kwina, lumo langa silidula nsalu imeneyo. Ananyamuka osakwiya. Matelala ndi ambiri m'tauni.

Chigayo anamaliza maphunziro ake bwinobwino. Pano amagwira ntchito mu ofesi ya maloya, ndipo anandigulira makina amagetsi, miyendo yanga inapuma. Anzanga amati ndinabereka, ndipo sanama. Kwa Adona amapitako mwa apo ndi apo, koma m'chipinda chimene ankagonamo mukugona wina, ndipo pamsomali paja pali chithunzi chake. Ndinkaganiza kuti akavula jekete abwerera. Ndinadikira.

Loweruka lapitali anabwera kushopu ndi nsalu, akufuna diresi la ku ukwati wa mnzake. Ndinatenga tepi n'kumuyeza kuseri kwa katani. Mapewa, chifuwa, chiuno. Sindinalembe paliponse, chifukwa miyezo imeneyo ndinali nditaiyezapo kale, tsiku lija ndinayala jekete pathebulo.

"Amayi," anatero akudziyang'ana pagalasi, "anzanga akuntchito anandifunsa chifukwa chake mumanditchula Chigayo. Ndinawauza kuti ndi kaseke. Ndiye akuti ndiseke amve." Anatembenuka. "Kodi ndinkaseka bwanji?"

Ndinkayesa akucheza, koma ankadikira yankho.

"Unkayamba chonchi," ndinatero. Ndinaika tepi pansi, n'kutsamwa pang'ono mmene ankachitira, kenako ndinatsegula kukamwa n'kutulutsa phokoso lonse limene ndinkalikumbuka. Linatuluka lonyansa, ngati munthu amene akulira maliro. Ndinayesanso, mokweza. Kasitomala wina anasuzumira pakatani kuti aone chimene chagwa.

Mwana wanga anandiyang'anitsitsa, mwachidwi, mwaulemu, mmene amamverera anthu obwera ndi milandu ku ofesi kwake. Milomo yake inagwedezeka ngati akufuna kuyeserera. Kenako anapendeketsa mutu kumanzere n'kuphimba pakamwa ndi dzanja.

"Pepani amayi," anatero. "Tachitaninso, mwina ndikumbukira."