Nyimbo Imene Inadumpha Nyumba Zisanu

Iwe mnzanga, tasiya kaye zomwe ukuchitazo, ndikuuze mmene kamwa langali linandifikitsira kukhoti.

Umandidziwa ine Bebang. Pakakhala phwando m'kanjira kathu kuno ku Manila, ndikagwira maikolofoni ya karaoke sindiimba mawu a eni nyimbo. Ndimapeka anga onyoza maneba, nyumba ndi nyumba, kuyambira pa mpopi mpaka kumapeto. Sindidumpha munthu. Amene wadumphidwa amakwiya, amati ndamuderera.

Loweruka lina masana kunali ubatizo wa mwana wa msuweni wanga. Ndili mkati moimba, foni yanga ikuulutsa pa intaneti, apolisi analowa kwa Mang Pekto, mdala woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu. Anatuluka naye ali mu unyolo. Akuti anapeza timapaketi ta mankhwala ozunguza bongo pansi pa pilo. Mang Pekto! Munthu woti ngakhale khofi amamuopa.

Tsiku lomwelo ndinachotsa kanema wanga pa intaneti. Sindinauze munthu chifukwa chake.

Patatha miyezi itatu, mdala uja adakali m'chitokosi, kunabwera Ate Dalisay (kuno achemwali timawatcha Ate). Anakulira m'kanjira kathu komweka, koma tsopano ndi loya pa kabungwe kofufuza mmene apolisi amagwiritsira ntchito makamera awo. Anakhala pa bedi langa n'kutsegula kompyuta.

"Posecha nyumba, kamera ya pachifuwa siyenera kuzimitsidwa," anatero. "Apolisi akuti uyu ndi kanema wawo wathunthu wa tsiku lija. Usayang'ane, Bebang. Mvetsera."

Pa chithunzi panali khoma chabe, lamdima. Koma chapatali ndinamva mawu anga, ndikuimba za Aling Sion wa nyumba yachiwiri, amene nsomba zake zokazinga amphaka amazikana. Mwadzidzidzi ndinali ndili pa Kuya Dodong ndi mano ake oikirira.

"Kuya Dodong ndi nyumba yachingati?"

"Yachisanu ndi chitatu."

"Unadumpha nyumba zisanu?"

"Ine? Ate, mukundinyoza."

"Ndiye wina wadula. Kanema wako ali kuti?"

Ndinayang'ana kudenga.

"Bebang, ndinkakusintha matewera ine. Ali kuti?"

"Nyumba yachisanu ndi ya apongozi a Sajeni Lacsamana," ndinatero. Lacsamana ndi amene anatsogolera kusechako. "Ndinaimba kuti Sajeniyo amadetsa imvi ndi polishi wa nsapato, mvula ikagwa amatsika nayo m'khosi."

"Ukuopa polishi?"

Sindinkaopa polishi. Ndinamupatsa foni. Mu kanema wanga, kumbuyo kwa phewa langa, wapolisi wina amatuluka kwa Mang Pekto, n'kutsegula mpando wa njinga yamoto imene anabwera nayo, n'kubwerera m'nyumba atafumbata dzanja.

Ate anaonera katatu. Kenako anati, "Sindikunamiza. Ukapereka, uyenera kukaima pamaso pawo n'kunena kuti unajambula ndiwe. Ukakana, ndiyesa njira ina, koma mdala uja akhoza kufera m'ndende."

"Nanga ine ndifere kuti?"

Sanaseke.

Tsiku la mlandu ndinalowa m'khoti. Mang Pekto anali atavala malaya achikasu a akaidi, ataonda ngati ndodo ya tsache. Lacsamana anakhala kumbuyo, tsitsi lili bii, maso ali pa ine.

Loya wa boma anandiyandikira. "Mayi, ntchito yanu ndi kunamiza anthu pa intaneti, si choncho? Si inu munalengeza kuti mneba wanu wamwalira, anthu n'kubwera ndi maluwa?"

"Anali atagona nthawi yaitali, bwana."

"Yankhani funso."

"Ndine."

"Ndiye khoti likukhulupirireni bwanji?"

Ate Dalisay anaimirira. "Olemekezeka, asamukhulupirire. Inenso sindimukhulupirira. Tingoonetsa makanema awiriwa pamodzi."

Woweruza, mayi wa magalasi okhuthala, anavomera ndi mutu.

Mawu anga anamveka kawiri nthawi imodzi, ofanana ndendende. Aling Sion, nsomba, amphaka. Kenako kanema wa apolisi analumphira kwa Kuya Dodong, wanga n'kupitirira ku nyumba yachitatu. Ate anaimitsa wa apolisi. Yachitatu. Yachinayi. Itafika yachisanu, khoti lonse linamva za polishi wa nsapato. Palibe anaseka, mnzanga, ngakhale mmodzi, chifukwa nthawi yomweyo dzanja lofumbata lija linkadutsa kumbuyo kwanga.

"Bwezani pamenepo," anatero woweruza.

Anabweza. Polishi kachiwiri. Ndinamva mpando wa Lacsamana ukulira.

"Mphindi zingati zasowa?"

"Zinayi ndi masekondi makumi anayi, olemekezeka," anayankha Ate.

Woweruza anavula magalasi. Anati umboni wa apolisi sungagwire ntchito, ndipo makanema onse awiri apite kwa apolisi ofufuza apolisi anzawo. Patatha sabata, Mang Pekto anatuluka.

Koma tsiku lomwe lija, pakhonde la khoti, Lacsamana anandidutsa pafupi kwambiri moti ndinamva fungo la tsitsi lake.

"Uli ndi mawu abwino, Bebang," anatero chapansipansi. "Uwasamale."

Ate anatulutsa kabuku, n'kulemba nthawi ndi mawuwo iye akuona. "Pitirizani, Sajeni. Cholembera chilipo."

Lacsamana anachoka.

Pano ndikukhala kwa azakhali anga, mabasi awiri kuchokera kwathu, mpaka kufufuzako kuthe. Mang Pekto ananditumizira mango asanu, limodzi pa nyumba iliyonse imene apolisi anadula, ndi uthenga woti ndikadzabwerera iyeyo ndidzamudumphe.

Ndiye tandiuza mu ndemanga m'munsimu, usadzikometse: akanakhala kanema wako, ukanapereka, kapena foniyo ikanagwera mwangozi m'ngalande?