Zingwe Zitatu za Watipa

Kumapemphero a Amalawi okhala kuno kunja, ku Westlands, aliyense akunong'ona kuti Watipa ali ndi zithumwa. Ena akuti zitatu, ena akuti zisanu, ndipo Amayi Modesta a ku Kitengela akuti china chili ndi tsitsi la munthu. Za tsitsizo sindikudziwa zachokera kuti. Zitatuzo ndikuzidziwa, chifukwa amene anayambitsa nkhaniyi ndine.

Watipa ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali. Amakhala kwathu ku Rongai, chipinda chimodzi ndi ine, ndipo amaphunzira za zipembedzo ku yunivesite. Tsiku lina atapita kukalasi ndinapisa m'chikwama chake, ndimangofuna pafyumu basi. Pansi penipeni ndinapeza zingwe zitatu zoyera, china chili mfundo zokhazokha. Kumudzi kwathu chingwe chotero timachidziwa kuti ndi chithumwa. Ndinauza mnzanga Emmie yekha mu matatu, minibasi za kuno, ndinamulumbiritsanso. Emmie naye anauza mayi ake okha.

Mwezi womwewo abambo anauzidwa kuntchito kuti kontirakiti yawo sayiwonjezera. Anthu anangolumikiza zinthu ziwirizi.

Lachitatu masana ndinapeza Watipa akumata zingwe zija pakatoni.

"Monalisa, tandigwirira apa," anatero. "Ukuopa chiyani? Ndi ulusi wa pamsika uwu, ndaluka ndekha poonera zithunzi. Ndikaonetsa m'kalasi."

Ndinagwira ndi chala chimodzi.

"Ichi Ahindu amavala chopingasa paphewa. Cha m'chiunochi ndi cha Azorowasta, a ku Peresiya. Makolo a anthu awiriwa kalekale anali fuko limodzi, mpaka lero onse amalemekeza moto popemphera. Chamfundochi ndi mphonje za Ayuda, za m'ngodya mwa chovala. Zili mu Numeri, ukawerenge."

"Nanga Ayuda akulowapo bwanji?"

"Anakhala zaka zambiri pansi pa mafumu a Peresiya. Koresi uja wa mu Ezara, waiwala? Kuti ndani anatengera kwa mnzake, aphunzitsi athu amakanganabe. Koma onsewa chingwe chimawakumbutsa zimene analonjeza Mulungu." Anasiya kumata. "Amene wandinenera za zithumwayo ndikanamudziwa, ndikanangomufunsa kuti ndinamulakwira chiyani."

Ine amene kusukulu amanditcha wailesi, ndinangokanikiza chala pakatonipo.

Lachinayi amayi ananena kuti Watipa asamukire kuhositelo pofika Loweruka. Watipa anabweretsa Baibulo kuti awaonetse vesi la mu Numeri lija, amayi anangoti Satana nayenso malemba amawadziwa. Abambo sanalowererepo. Masiku ano amangokhala pakompyuta kusaka ntchito.

Ndinatsatira amayi kukhitchini, akudula ndiwo zamasamba za sukuma.

"Amayi, nkhani ija ndinayambitsa ndine. Ndinatsegula chikwama chake."

Mpeni unaima. "Ndiye unaziona ndi maso ako?"

"Eya, koma ndi za kusukulu. Wandifotokozera zonse, za Ahindu, za..."

"Zinali pamwamba kapena pansi?"

"Pansi."

"Za kusukulu munthu amabisa pansi?" Anayambanso kudula. "Wachita bwino kunena, mwana wanga. Ine ndimakayika, ndimati mwina ndi pakamwa pa Amayi Modesta. Tsopano mtima wakhala pansi."

Ndinalira, ndinalumbira, ndinawauza kuti akhoza kupita okha kukafunsa aphunzitsi ake. Anati kulirako kukungosonyeza kuti zinthuzo zayamba kundigwira inenso.

Loweruka ndinamuperekeza Watipa pasiteji. Iye ananyamula chikwama, ine katoni ya zingwe ija, nditaitembenuzira mkati kuti anthu asaone. Kondakitala akukuwa za tauni, Watipa anapisa m'chikwama n'kutulutsa pafyumu uja.

"Tenga, msuweni. Ndimauona ukuchepa m'botolomu, ndiye ndikudziwa umaukonda," anaseka pang'ono. "M'nyumba monse muja ndiwe wekha unandimvetsera."

Matatu ananyamuka. Bedi lake amayi analipemphera, n'kuikapo masutikesi.

Pafyumuwo sindinaupoperebe. Dzulo Watipa ananditumizira uthenga kuti m'kalasi anamuombera m'manja, koma kumapemphero sabweranso. Ndalemba yankho kanayi, kanayi konse ndafufuta. Nditanena zoona kwa amayi, ndi zoonazo zimene zinamutulutsa m'nyumba. Ndikamuuza iyeyo, atsala wopanda aliyense kwathu. Inuyo mukanakhala ine, mukanamuuza?